Kuonda kwa a Mbewe

Madisi, Dowa
13 Malichi 1995

Wokondedwa mwana wanga Pilirani,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Gaborone kuja, pamodzi ndi odwala ako onse. Kuno tadzuka. Amayi ako ali bwino, fodya tikuthyola, mvula inadula msanga koma chimanga cha kumunsi kwa phiri chagwira.

Chimene ndakulembera ndi chakuti Lachitatu lapitali ndinagwa. Monga ukudziwa, chiyambire sukulu yaulere boma linatiitananso ife opuma pantchito, ndipo ine anandipatsa ana 140 a Sitandade 5 pansi pa mtengo wa mbawa. Ndinali kuwafotokozera za mitsinje ya mu Africa. Nditangowoloka Zambezi, mutu unayamba kuzungulira, ndipo ndinatsitsimuka ndili m'ngolo ya ng'ombe, ulendo wa kuchipatala cha mishoni. Akuti amuna anayi analephera kundikweza m'ngolomo mpaka anaitana ena awiri. Mbali imeneyi amayi ako akuifotokozera aliyense wobwera kudzandizonda, ndipo tsiku lililonse amawonjezera mwamuna mmodzi.

Dokotala, mnyamata wa msinkhu wako, anapeza zinthu ziwiri: kuthamanga kwa magazi, 190 pamwamba 110 pansi, ndi shuga. Anandikweza pa sikelo, muvi unakaima pa makilo 104. Anandiuza mosazungulira kuti ndikapanda kutaya makilo makumi awiri, ndikadzagwanso ndidzadzuka mbali imodzi ya thupi itafa, kapena sindidzadzuka konse. Ndinamuthokoza, popeza anafotokoza momveka bwino.

Amayi ako ali pompano ndipo akuti ndilembe mawu awo momwe alili. Akuti: "Mumuuze Pilirani kuti dokotalayo khosi lake lili ngati la nkhuku yonyowa, iyeyo ndiye wofunika chithandizo. Mimba ya a Mbewe ndaimanga ine zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sinagwetsepo munthu." Ndawakumbutsa kuti yangondigwetsa Lachitatu. Akuti linali dzuwa.

Iwe ndiwe namwino. Undilembere zoti ndizidya ndi zoti ndisiye, ulembe mwandondomeko kuti ndimate pakhoma. Utiuzenso ngati chaka chino akupatsa tchuthi.

Ndine bambo ako,
Alexio Mbewe

*

Gaborone
2 Epulo 1995

Okondedwa Ababa ndi Amayi,

Moni nonse. Ine ndili bwino, koma kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pakhomo la wodi ndipo ndinachita kukhala pansi. Ababa, manambala amenewo si oseka nawo. Dokotalayo khosi lake lisakhale nkhani, wanena zoona.

Zomata pakhoma ndi izi. Nsima mitanda iwiri, osati isanu, ndipo ikhale ya mgaiwa. Ndiwo zikhale nyemba ndi masamba, opanda nsinjiro, mafuta pang'ono, mchere wongokhudza. Tiyi wopanda shuga. Musiye mang'ina a Loweruka, kanyenya wa pamsika, mandasi ndi thobwa. Njinga muipachike, kusukulu muzipita wapansi. Mankhwala muzimwa ngakhale tsiku limene mwadzuka bwino, makamaka tsiku limenelo.

Kuno nkhani ya kuonda ndi ya tsiku ndi tsiku. Anamwino anzanga amagula magazini a ku Joni odzaza ndi atsikana owongoka ngati bango, n'kumata zithunzizo pa firiji kuti akafuna kutsegula achite manyazi. Wina anatha sabata yathunthu akumwa msuzi wa kabichi wokhawokha, mpaka anakomoka akubaya wodwala jekeseni. Imeneyo ndi misala yawo. Ine sindikufuna kuti mukhale bango, Ababa, ndikufuna kuti ndikadzabwera ndidzakupezeni.

Ndaikamo kapepala kamene ndadula m'magazini ina, ndikudziwa kuti mumakonda mbiri. Akuti munthu woyamba kutchuka ku Mangalande polemba malangizo a kuchepetsa thupi, cha m'ma 1860, anali mkulu wina wokonza maliro ndi kukhoma mabokosi. Ananenepa mpaka ankatsika masitepe chobwerera m'mbuyo.

Amayi, zonsezi zili m'manja mwanu, chifukwa ndinu amene mumagwira mthiko. Ngati mumawakonda Ababa, muwachepetsere.

Tchuthi sindinachidziwe. Mundilembere makilo mwezi ndi mwezi.

Ndine mwana wanu,
Pilirani

*

Madisi
19 Juni 1995

Wokondedwa Pilirani,

Moni mwana wanga. Kuno kukuzizira, chimanga tatuta, amayi ako ali bwino. Iwe ukupeza bwanji?

Malamulo ako ndinamata pakhoma, pafupi ndi chithunzi cha Banja Loyera. Mu Epulo ndinali 101, mu Meyi 97. Ndimakaziyeza pa sikelo ya ogula mtedza pamsika, chifukwa kuchipatala pamakhala mzere. Kalaliki wake ndinamuphunzitsa Sitandade 3, ndipo amandilembera nambala pa kapepala ngati thumba lina lililonse.

Za mkulu wa mabokosi uja ndawerenga katatu. Sindinadabwe. Wokhoma mabokosi ndiye amadziwa kulemera kwenikweni kwa anthu. Koma zandiganizitsa, ndipo undilole ndikufotokozere, chifukwa iwe unachoka kuno uli wamng'ono m'maganizo. Ndili mwana, munthu akabwera kuchokera ku Joni kapena ku Halale, anthu sankayamba ndi sutikesi, ankayamba kumuyang'ana khosi. Khosi likapinda kumbuyo, ulendo unayenda bwino. Mnyamata akapita kuchikamwini, pakatha miyezi itatu alongo ake ankapita kukamuona, osati kukafunsa mafunso ayi, kukangoona masaya. "Mwanenepatu!" anali moni, ndipo woyankha ankati zikomo. Kuonda kokha ndiko kunkafuna chifukwa, ndipo zifukwa zake zinali zodziwika: njala, tsempho, kaliwondewonde, ndende. Panalibe munthu woonda mwakufuna kwake. Pamene kuno anthu ankapempherera thupi, kwa Azungu anali atayamba kale kulithawa. Tsopano pa mndandanda wathu uja pawonjezereka dzina lachisanu, limene anthu salitchula, amangoti matenda a masiku ano. Vuto langa ndi lakuti ndasankha kuonda m'chaka cholakwika.

Ndinapita ndi mathalauzi awiri kwa a Reinford, atelala aja a pakhonde la golosale, kuti awachepetse m'chiuno. Anawatembenuza nthawi yaitali, kenaka anati, "Aphunzitsi, ine pa makina pano zaka zonsezi anthu amabwera kudzakulitsa. Odzachepetsa ndayamba kuwaona zaka zitatu zapitazi, ndipo palibe amene anabweranso kachiwiri." Ndinawauza kuti ine ndibweranso mu Ogasiti. Anati, "Mulungu akalola, aphunzitsi." Anakana kulandira kalikonse.

Chichokere kwa a Reinford, anthu amandilonjera motsitsa mawu. Ena amandigwira dzanja ndi manja awiri nthawi yaitali. Kutchalitchi andipatsa mpando wotsamira.

Pali chinthu chimodzi chimene sayansi yandikanika. Kuyambira pakati pa Meyi sikelo yaima pa 97, chonsecho malamulo ndikusunga. Dzana ndinapeza chiwindi cha nkhuku pansi pa nkhwani. Nditafunsa, amayi ako anati mwina chinagweramo. Tiyi nayenso wayamba kutsekemera yekha. Akuti ndi madzi a pa mjigo watsopano.

Undilangize.

Bambo ako,
Alexio Mbewe

*

Malomo, Ntchisi
9 Julayi 1995

Pilirani mwana wanga,

Ndine mayi ako. Uli bwanji kumeneko, ukudya? Akulemba ndi mng'ono wanga, amayi ako aang'ono a Debora, chifukwa abambo ako ndikawauza kuti lembani chakuti, amalemba kenaka n'kudziyankha okha pansi pake. Ndawauza kuti ndabwera kuno kudzathandiza kuswa mtedza. Mtedza ulipodi, koma ndabwerera kalatayi.

Ndikufunsa funso limodzi, undiyankhe ngati mayi ako, osati ngati wodwala wako. Kodi a Mbewe ali ndi matenda a masiku ano? Anthu a chipatala mumabisirana, ine ndimakudziwani. Mwana wa a Lester oyandikana nafe, wa ku Lilongwe uja, anati ndi shuga, tinamuika mu Janyuwale. Mlamu wake anati chifuwa, tinamuika Pasaka asanafike. Tsopano dokotala akuti shuga, iwe ukuti mitanda iwiri, munthu akutha ndikumuona. Ndikuganiza kuti inu awiri munapangana kuti muwaondetse dala, kuti matendawo akayamba kuwadya ine ndisazindikire tsiku lake. Ngati ali nawo undiuze ineyo. Usandiuze za mgaiwa.

Kuchigayo sikukupitika. Tsiku lina ndangotsitsa dengu, a Margareta, apampando athu a amayi kumphakati, akuti, "Nankhoma, inu mpaka mgaiwa? Kwanu kwagwa chiyani?" Ndinati ndi za dokotala. Anati, "Eee, za dokotala. Aphunzitsi kolala yayamba kuwakanatu khosi." Amayi onse pamzere anayang'ana pansi, kenaka anayang'ana mikono yanga. Tsiku lililonse pali wina woyang'ana mikono yanga. Tikatuluka Misa amandikumbatira kuti amve ngati nthiti zayamba kutuluka.

Za chiwindi ngati akulembera, ndimaika. Sindikana. Shuga ndimaikanso. Munthu ndi mwamuna wanga.

Uyankhe kudzera kuno ku Malomo, osati ku Madisi.

Mayi ako,
Falesi Nankhoma

Pili, ndine Debora, izi ndi zanga. Akulu angawa polankhula zonsezi sanalire, amangoswa mtedza, koma aswa wambiri kuposa ife tonse. Uwayankhe msanga. Kuno pamsika kwabwera mapilitsi onenepetsa, amagulitsa pamphasa imodzi ndi mankhwala a makoswe. Atsikana akugula asanakaonekere kwa apongozi. Amayi ako anafunsa mtengo wake, ine ndinawakoka chitenje.

*

Gaborone
11 Julayi 1995

Okondedwa Ababa,

Moni. Kalata yanu ya mu Juni yafika lero ndipo ndikuyankha ndisanavule yunifolomu. Zikomo chifukwa cha phunziro la mbiri. Koma ndime yotsatirayi ndi ya Amayi, ndipo muwawerengere osasintha liwu ngakhale limodzi.

Amayi, chiwindi sichigwera chokha mu nkhwani. Ine tsiku lililonse ndimasambitsa amuna amene anafa mbali imodzi. Ndimawapukuta dovu, ndimawatembenuza ngati thumba. Ambiri mwa iwo anali ndi akazi owakonda amene ankawaikira kanyama pansi pa masamba. Inu mukuopa zonena za anthu a kuchigayo, ine ndikuopa kulandira telegalamu. Mukapitiriza, Ababa mudzawapha ndi dzanja lanu, ndipo a kuchigayowo adzabwera kudzadya pamaliro.

Pepani ngati ndalankhula mopyola msinkhu wanga.

Pilirani

*

Gaborone
3 Ogasiti 1995

Amayi anga okondedwa, kudzera kwa amayi aang'ono a Debora,

Kalata yanu ya ku Malomo yandipeza dzulo. Inasemphana panjira ndi ina imene ndinatumiza ku Madisi, ndipo ndikanadziwa zimene zili mumtima mwanu sindikanalemba mawu aja. Mundikhululukire.

Yankho lake ndi ayi. Sitinapangane ndi dokotala aliyense, sindikumudziwa n'komwe. Ababa akuonda chifukwa akudya pang'ono, basi, monga mmene ng'ombe imachitira mu Okutobala. Ndikanakhala ndi chikaiko ndikanakuuzani inuyo poyamba. Chonde chiwindi musiye.

Ndine mwana wanu,
Pilirani

*

Madisi
25 Sepitembala 1995

Wokondedwa Pilirani,

Moni. Kuno kwatentha, mbewu ya fodya tafesa ku nazale. Ndachedwa kulemba chifukwa zochitika zinachuluka kuposa zofotokozeka. Ndiyesa kuzilondoloza.

Choyamba, ndime yako ndinawawerengera amayi ako osasintha liwu, monga unalamulira. Anamvetsera mpaka kumapeto, anatenga tsache n'kutuluka. Masiku asanu ndi anayi ankalankhula ndi nkhuku zokha. Tsiku lakhumi, tikusankha nyemba pakhonde, anandifunsa osakweza mutu kuti, "A Mbewe, munayenda ndi ndani?" Ndinayamba kuwatchulira amene ndimayenda nawo popita kusukulu. Anati, "Musandiphunzitse, ine si Sitandade 5." Pamenepo ndi pamene ndinamva funso. Zaka makumi atatu ndi ziwiri za ukwati, ndipo ndinachita kukhala ndi nyemba m'manja osadziwa kozitaya.

Chachiwiri, ndinaona kuti nkhani yotere siitha ndi malumbiro. Ndinapita kuchipatala kukayezetsa magazi. Patatha milungu iwiri anandiitana: mulibe kachilombo. Ndinapempha kuti andilembere papepala ndi chidindo. Amayi ako anaigwira pepalayo chozondotsa, anandifunsa katatu kuti chidindo ndi chiti, kenaka anaipinda n'kuika m'buku la mapemphero. Tsiku limenelo anandilankhula bwinobwino.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ndinalakwa. Ndinaganiza kuti chimene chachiritsa munthu mmodzi chingachiritse mudzi. Lachinayi kumphakati, titatha kugawana Mawu a Mulungu, ndinapempha mphindi zisanu. Ndinawerenga pepala ija mokweza, ndinaiyendetsa kuti aliyense aone chidindo, ndipo ndinafotokoza za magazi, za shuga, za mtima ngati mpope, ndi za mkulu wa mabokosi wa ku Mangalande. Zinatenga mphindi makumi anayi. Nditamaliza ndinafunsa ngati pali funso. A Margareta anakweza dzanja. Anati, "Aphunzitsi, ife sitinapite kusukulu. Koma munthu amene sanabe sapita yekha kupolisi kukafunsa ngati akumufuna." Wina kumbuyo anayambitsa nyimbo yotsekera.

Poyamba anthu ankangoti ndikudwala. Tsopano akuti ndikudwala, ndinayendayenda, ndipo chidindo ndinagula. Amayi ako sanapitenso kumphakati kapena kuchigayo, chimanga amatumiza ndi a Lester. Madzi amakatunga ena onse atachoka pamjigo.

Chachinayi, mu Ogasiti dzanja lamanzere linachita dzanzi masana onse, choko chinkandigwa. Dokotala akuti limenelo ndi belu loyamba. Sikelo ikuti 98.

Ndalingalira mofatsa, mwana wanga. Ine ndikanenepanso, anthu atseka pakamwa mkati mwa miyezi itatu, ndipo amayi ako ayendanso pakati pa anzawo mutu uli m'mwamba. Mkazi ameneyu anandidikira zaka zitatu ndili kundende, anthu akumuthawa ngati wakhate. Sindingamubwezerenso komweko chifukwa cha makilo. Ndikuganiza zochotsa pepala yako pakhoma. Usakwiye.

Bambo ako,
Alexio Mbewe

*

TELEGALAMU
Gaborone, 12 Okutobala 1995

ABABA MUSACHOTSE. NDIKUPEMPHA TCHUTHI CHA KHIRISIMASI. PILIRANI

*

Madisi
12 Febuluwale 1996

Wokondedwa Pilirani,

Moni mwana wanga. Tinamva kuti tchuthi anakukaniza chifukwa cha kuchepa kwa anamwino, ndipo tinamvetsa. Nkhuku imene tinakusungira inadyedwabe, ngakhale ine ndinangoiona. Kuno mvula ikugwa bwino, mtedza wamasula maluwa.

Telegalamu yako inafika pepala nditachotsa kale. Koma pepalayo inabwereranso pakhoma tsiku lotsatira, ndipo amene anaimata ndi amayi ako, ndi phala la ufa woyera, chozondotsa. Kuyambira pamenepo malamulo akusungidwa mwankhanza kuposa mmene iwe unalembera. Kabati ya shuga ili ndi loko, kiyi ali pa mkanda wa kolona m'khosi mwawo. Mitanda amawerenga mokweza. Ndikachedwa kunyamuka m'mawa amandiponyera nsapato panja.

Zotsatira ndi izi: Novembala 94, Disembala 91, lero 87. Magazi ali pa 140 ndi 90. Dzanzi silinabwerenso. Phiri la kuseri kwa sukulu ndimakwera osapumira, ndipo kwa a Reinford ndapita kachitatu. Ulendo womaliza anandiyang'ana kwa nthawi, kenaka anandilipiritsa.

Pali chinthu china chimene sindikuchimvetsa. Amayi ako asiya kudyera m'nyumba. Amatulutsa mbale pakhonde loyang'ana kumsewu, nthawi imene anthu akuchokera kumsika, ndipo amadya zonse zimene ine ndinaletsedwa. Paukwati wa mdzukulu wa a Lester anadya mbale yawo, kenaka anakoka yanga pamaso pa anthu onse n'kundisiyira kabichi. Mabulauzi awo onse akulitsidwa. Madzulo mapazi awo amatupa, ndipo ndikanena za sikelo amati iwo si mtedza.

Anthu asiya kundilonjera motsitsa mawu. Tsopano amandipatsira zakudya kuseri. Lamulungu lapitali gogo wina anandilowetsera dzira lowiritsa m'thumba la jekete nthawi ya mtendere wa Ambuye. Akuluakulu atatu a mphakati, motsogozedwa ndi a Margareta, anabwera kudzawalangiza amayi ako za udindo wa mkazi pa mwamuna wake. Anawalandira bwino, anawapatsa tiyi, ndipo akumvetsera malangizowo anadya mandasi anayi. Ine anandipatsa nkhaka.

Ndawafunsa tanthauzo la zonsezi. Akuti ndikufunseni inu ophunzira. Ndiye ndakufunsa.

Bambo ako,
Alexio Mbewe

*

Malomo
24 Malichi 1996

Pilirani mwana wanga,

Ndine mayi ako, akulembanso ndi a Debora. Uli bwanji, ukudya? Kalata yako ya chaka chatha yopepesa inandipeza mu Novembala, itayenda miyezi itatu. Ndinakukhululukira isanafike. Iyi yatsopano yofunsa za mapazi anga yafika msanga, chifukwa makalata ovuta ndiwo sasochera. Ukufunsa kuti ndikuchita chiyani. Khala pansi ndikuuze, chifukwa abambo ako amafotokoza zonse kupatula izi.

Anawatenga m'kalasi mu 1965, iwe uli m'mimba. Wina anakawaneneza kuti analankhula za ndale. Anawasunga kundende ija ya kwathu ku Dowa, kumene tsopano aikako anthu othawa nkhondo. Dzina lako linachokera pamenepo. Mu 1968 ndinamva kuti awatulutsa, ndinakubereka kumbuyo kupita kumsewu kukawachingamira. Ndinadutsana ndi munthu wina atakhala pamwala, thalauzi atamanga ndi luzi lozungulira kawiri. Ndinamupatsa moni n'kupitirira. Ndili patsogolo ndinamva, "Nankhoma." Iwe utawaona unalira mpaka unadzikodzera. Mkono wawo ndinkauzunguliza ndi zala ziwiri. Ndinawafunsa kuti kumeneko mumadya chiyani, anati mgaiwa ndi nyemba zopanda mchere. Ndiye iwe utalemba malamulo ako aja, abambo ako akuwerenga mosangalala, ine ndinatuluka panja.

Masiku amenewo sunkanena kuti mwamuna wanga anamuzunza. Ukanena, nawenso amakutenga. Ndiye ine ndinkalankhula ndi mimba yawo. Ndinapha nkhuku zanga zonse imodziimodzi, kenaka mbuzi za amayi anga. Pofika chaka chachitatu, amene anawaneneza uja ankachita kupatuka panjira kuti mimba idutse. Amenewo ndiwo anali mawu anga, ndipo palibe wa chipani amene akanandimanga nawo. Tsopano akuti kuli matipate, aliyense alankhule zakukhosi. Chabwino. Mwina mimba ija ntchito yake inatha.

Mu Okutobala a Mbewe anabwera ndi mang'ina atakulunga m'nyuzipepala, akuti, "Nankhoma, phika, ndasiya." Koma m'mawa wa tsiku lomwelo ndinaona kapu ikuwapulumuka m'dzanja lamanzere, iwo n'kuikankhira pansi pa mpando ndi phazi kuti ndisaone. Izi sanakulembere, ndikudziwa. Mang'inawo ndinaphika bwinobwino, ndi tomato ndi anyezi. Ndinatuluka nawo pakhonde, ndinadya ndekha onse, iwo akuyang'ana. Anthu odutsa anafunsa kuti, "Aphunzitsi sadya nawo?" Ndinati, "Ayi, awa ndi a nkhwani."

Tamvera, iwe wophunzira. Matenda aja salowa m'nyumba kudzatenga munthu mmodzi. Anthu akaona mwamuna akuonda, amayang'ana mkazi kuti aone ngati wayamba kutsatira. Chidindo sangachikhulupirire, koma mikono amaikhulupirira. Ndiye ayang'ane. Panopa ondikumbatira pa Misa manja awo sakumana kumbuyo. Za matenda palibenso akunena. Akuti a Mbewe ali bwinobwino, koma anakwatira mkazi wosusuka ndi womana, amene amadya ndiwo yekha mwamuna akuyang'ana. Kuchigayo ndabwerera. Ndikafika amasiya kulankhula, koma amasiya chifukwa cha ine, osati chifukwa cha abambo ako, ndipo abambo ako akukwera phiri.

Bola anditche womana kusiyana ndi kunditcha wamasiye. Usawauze zimenezi, angakafotokozere mphakati.

Za mapazi anga ndi manambala anga usandilembere chaka chino. Tipulumutse mmodzi kaye.

Mayi ako,
Falesi Nankhoma